Dzanja la Agnesi pa Khoma la Shedi

Mukafunsa kwa Mlolo kuti anaotcha Shedi ndani, aliyense akuuzani kuti ndi njuchi. Zoona zake n'zakuti amene anakwera makwerero atanyamula muuni wa udzu pofuna kuthamangitsa njuchizo anali a Feston, tcheyamani wa komiti yosamalira Shediyo, ndipo munali mu Okutobala, masana, dzuwa lija limakuotcha ngakhale uli pamthunzi. Koma a Feston ndi munthu wa anthu, pamaliro sasowa, ndiye mlandu unagwera njuchi. Izo zinali zitachoka kale moto usanagwire n'komwe mtanda wachiwiri wa denga.

Shediyo anaimanga azungu ogula thonje, agogo athu akali anyamata. Njerwa zootcha, zogwirizidwa ndi laimu, makoma okhuthala moti munthu ukhoza kugona pawindo, ndipo nyumba yonse inakhala pa nsanja ya njerwa ya masitepe asanu ndi atatu. Thonje linasiya kugulidwa pamenepo kalekale. Ntchito yake yeniyeni, imene azunguwo sanaiganizire, inali ya madzi. Shire akadzaza n'kuyamba kuyenda m'midzi, anthu onse a kumadimba amathawira pa Shedi, mbuzi ndi mapoto zili m'manja.

Panali mwambo wake. Madzi akaphwa, munthu amene anafika pomalizira, uja anthu anali atayamba kale kumulira, ndiye amalemba mzere pakhoma loyang'ana kumtsinje, pamene madziwo analekezera. Amalemba ndi phula lomatira mabwato, kenako n'kuviika chikhatho m'phulamo n'kudinda pamzerepo. Anayambitsa ndani, kaya. Koma manja analipo khumi ndi limodzi, ena otsika, ena okwera, ndipo la pamwamba pa onse linali laling'ono, chala chapakati chodukira nsonga. Limenelo linali la Agnesi, mkazi wa a Sebastiano Zuze.

A Zuze anali mmisiri womanga, mwana wa mmisiri womanga. Ntchito anaiphunzira kwa bambo awo ku mishoni, masiku amene laimu ankamunyika m'dzenje mpaka atasiya kuwira, ndipo zipsera zake anali nazo m'mapazi mpaka ukalamba. Anagwirapo zaka khumi ndi zinayi ku Nchalo, akumanga nyumba za anthu odula nzimbe. Kumeneko anachoka chifukwa anagwetsa khoma limene kapitawo anali atalivomereza kale, ati linapendekeka chala chimodzi. Ndi mmene analili munthuyo. Akalowa m'nyumba mwanu, maso amayamba apita pangodya, moni pambuyo. Anthu ankati a Zuze akadzamwalira adzadzuka m'bokosi kuti aone ngati manda akumbidwa mowongoka.

Agnesi anali wosiyana nawo kutali. Wamfupi, wolongolola, wogulitsa milamba yowamba pamsika wa pa Shedi pomwepo. Chala chija anachidula yekha ndi mpeni wotumbulira nsomba akali mtsikana, ndipo ankati chinafupika ndi kuloza amuna aulesi. Koma pakamwa ponsepo, anali munthu wogwada. Ankagwadira apongozi, abusa, kalaliki wa pamsika, ngakhale mlangizi wa zaulimi amene anali msinkhu wa mwana wake Daliso. A Zuze ankanyansidwa nazo, ankati mawondo adzatha. Iye ankayankha kuti mawondo ndi ake.

Madzi a 2015 anamupeza kudimba. Anakhala masiku awiri mu mtengo wa mango, atadzimangirira ku nthambi ndi chitenje. Chaka chimenecho madzi anakwera masitepe onse asanu ndi atatu n'kulowa m'Shedi momwe, kufika m'mawondo, anthu anachita kuunjikana pa mathandala akale oikapo thonje. A Zuze anakhala pakhomo masiku awiri onsewo, osadya, akuyang'ana madzi. Tsiku lachitatu bwato linamubweretsa, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa kuti dengu lake la nsomba analisiya kuti. Madzi ataphwa, mzere wa matope unali pamwamba kupitirira mutu wa munthu wamtali. Makwerero kunalibe, anali atapita. Ndiye a Zuze, mmisiri wolemekezeka, anagwada n'kugwira pansi ndi manja, mkazi wawo anawaponda pamsana, n'kudinda dzanja lake anthu akuseka. Agnesi anawauza kuti asagwedezeke, mzere ungakhote.

Patapita zaka ziwiri Agnesi anamwalira ndi chifuwa. Anamuika kumanda a kufupi ndi mtsinje, a Zuze anamanga okha chiliza, chowongoka bwino. Madzi a 2023 sanafike pa mzere wake, koma mtsinje unasintha njira n'kutenga manda onsewo. Lero pamene panali chiliza asodzi amaponyapo maukonde. Chithunzi panalibe, chimodzi chokha cha ukwati chinapita ndi madzi oyamba aja. Ana anali kutali, awiri ku Blantyre, wina kubanja ku Mozambiki. Chimene chinatsala cha Agnesi padziko lapansi chinali dzanja lija basi.

Choncho m'mawa uliwonse a Zuze ankadutsa kuseri kwa Shedi, n'kuima, manja kumbuyo, ngati akuona ngati khoma silinang'aluke. Milomo inkagwedezeka. Ankamuuza za mtengo wa chimanga, za bondo lawo, za Daliso amene saimba foni. Anthu onse ankadziwa, ndipo panalibe ankanena kanthu. Kukhudza sankalikhudza. Mwamuna wa imvi kumasisita khoma pamaso pa amayi a pamsika, ayi, zimenezo sakanatha.

Tsiku la moto denga linagwera m'kati, malata atapindika ngati masamba a fodya, koma makoma anaima. Kutangozizira, a Zuze anabwera ndi chidebe ndi kansanza n'kutsuka mwaye. Dzanja linalipo. Mtima unakhala pansi, mpaka pamene anagogoda pulasitala ndi chala, monga mwa chizolowezi. Anamveka kuti phuphuphu, ngati chikho chopanda kanthu. Moto unali utamulekanitsa ndi njerwa. Mmisiri aliyense akanadziwa kuti pulasitala ameneyo sapirira madzinja awiri. Iwo anadziwa, koma anapita kunyumba ngati sanamve.

Chaka chotsatira kunabwera bungwe lina la ku Blantyre ndi galimoto zoyera. Linati likonza Shedi kuti ikhale malo amakono ochenjeza anthu za madzi osefukira. Mudzakhala makompyuta, masola padenga, ndi chipinda cha misonkhano. Woyang'anira ntchito anali Prudence, mtsikana wophunzira za zomangamanga, wakhama zedi, amene kutentha kwa kuno kunamutulutsa tizilonda m'khosi sabata yoyamba koma sanathawe. Anali ndi chithunzi chakale cha Shedi, cha nthawi ya azungu, makoma ali mbee. Ankafuna ibwerere chimodzimodzi, ati kulemekeza mbiri.

Pamsonkhano wa pansi pa mtengo anafotokoza kuti pulasitala yense wakale achotsedwa, pamodzi ndi zolembalemba zakuda za kuseri zija, zimene iye ankayesa kuti ndi masewera a ana. Anafunsa kawiri ngati alipo wodandaula. Anthu anayang'ana a Feston. Koma munthu woti nyumba unaotcha ndiwe, ungaimirire n'kumaikira malamulo amene abwera ndi malata atsopano? A Feston anati pyadidi, zonse zili bwino, ndipo anaomba m'manja. Onse anaomba. A Zuze nawonso anaomba, ndipo zimenezo zinawapweteka masiku ambiri. Kuno mlendo wobwera ndi mphatso sitimutsutsa pagulu. Timavomera, kenako timakadandaulira kunyumba, kumene iye sangamve.

Sabata yomweyo bungwelo linaitana akuluakulu a m'mudzi kuti akumbukire kuti madzi a zaka zosiyanasiyana ankafika pati. Anawakhazika pamthunzi wa khoma lomwe lija, anawapatsa fanta ndi mabanzi, mnyamata wa bungwe akulemba pa chipepala chachikulu. Nkhalamba zinakangana tsiku lonse, wina akuti m'chiuno, wina akuti m'khosi, mizere khumi ndi umodzi ili kumsana kwawo. Palibe anatembenuka kuti aloze. Anafunsidwa kuti akumbukire, ndiye anakumbukira.

Prudence anaumirira kuti pasalowe simenti, makoma akale amafuna laimu kuti azipuma. Amisiri a masiku ano anangoyang'anana. Wodziwa laimu m'dera lonse anali mmodzi, ndipo ndi mmene ntchito yogumula dzanja la Agnesi inagwera mwamuna wake.

Anayambira khoma lakutsogolo. Kenako la kum'mwera, kenako la kumpoto, kenako m'kati monse. Ntchito inali yokongola moti Prudence ankaijambula n'kumatumiza kwa mabwana ake. Akafunsa za khoma la kumtsinje, yankho silinkasowa. Lero laimu sanapse. Mawa mchenga uli ndi mchere. Mkuja mphepo ikuchokera kolakwika. Tsiku lina anati khoma limenelo limafuna kuyambidwa mwezi ukakhala, ndipo mtsikanayo, poopa kunyoza nzeru za makolo, analemba zimenezo m'kabuku kake. A Feston atamva anaseka mpaka kutsokomola, koma a Zuze atawayang'ana, anakumbukira za njuchi n'kuleka kuseka.

Denga linatha, masola anakwera, wa magetsi anaika masoketi ake m'munsi mwa makoma monga amachitira m'tauni. Tsiku lotsegulira linalengezedwa. Zifukwa zinatha. Lolemba lina m'mawa Prudence anazungulira kuseri n'kupeza a Zuze ataima pa sikafodi, nsanja ija amakwerapo amisiri, hamala ndi tchizulo zili m'manja, osamenya. Anali ataima choncho kuyambira dzuwa likutuluka. Anawafunsa mwaulemu ngati akudwala. Anati ayi. Anafunsa ngati pali vuto ndi khomalo.

"Khomali lilibe vuto, mayi," anatero a Zuze, osatembenuka. "Ili ndi dzanja la mkazi wanga. Manda ake anapita ndi madzi. Ndikagumula pano, ndamuika kachiwiri, ndipo ulendo uno ndi manja angawa."

Prudence anakhala pa mulu wa njerwa. A Zuze anamufotokozera zonse, za womalizira kufika, za phula, za mtengo wa mango. Mtsikanayo anayang'ana mizereyo kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako anatulutsa chipepala cha nkhalamba chija m'chikwama, anachiyang'ana, n'kuchipinda pang'onopang'ono. Manyazi anamugwira, ndipo mkwiyo unabwera pamwamba pake. Anafunsa kuti miyezi inayi yonseyi bwanji panalibe anamuuza, pamene iye anafunsa kawiri pagulu. A Zuze anati n'chifukwa chake, anafunsa pagulu.

Prudence anati ndiye khomalo lisiyidwe momwe lilili. Apa ndi pamene a Zuze anadana ndi umisiri wawo. Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anatenga dzanja la mtsikanayo n'kuligogodetsa pa pulasitala kuti amve yekha phuphuphu uja. Anamuuza kuti mvula ikubwerayi igwetsa zonse, ndipo zikhoza kugwera mwana wa munthu. Bodza la mwezi analitha, koma kunama za khoma sakanatha.

Anagwirizana zoti ayese kuchotsa manjawo amphumphu. Prudence anayamba wajambula onse ndi kuyeza msinkhu wake. Khumi aja anakana, ankangoyoyoka ngati chigumu chouma tchizulo ikangokhudza, ndipo eni ake ena, amene akali moyo, anabwera kudzatola tizidutswa n'kumanga pansonga ya chitenje. La Agnesi linali pa chigamba chimene a Zuze anamata okha zaka zingapo madzi aja asanabwere, ndiye chinali cholimba. Anamatapo nsalu ndi phala la chinangwa, n'kuyamba kucheka m'mbali ndi kampeni ka sowo, pang'onopang'ono, masiku atatu. Koma asanayambe kucheka anachita chinthu china chimene Prudence sanachilabadire. Anakhoma msomali pa mzere weniweniwo, pa njerwa.

Lachinayi masana chigambacho chinasiya khoma n'kutsamira pachifuwa pawo. Sichinkalemera kuposa nkhuku. Anatsika nacho, anakhala pa sitepe, ananyowetsa nsalu ija n'kuimatula. Kenako anaika chikhatho chawo pa chikhatho cha Agnesi. Amayi a pamsika anali pomwepo, ndipo aliyense anapeza chochita ndi tomato wake.

Prudence anakonza zoti dzanjalo likhale m'kati, m'chipinda cha makompyuta, kuseri kwa galasi, ndi mawu ofotokoza pambali pake. Analemba chizindikiro ndi choko pakhoma, pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, kuti alendo asamavutike. Atatero anakwera galimoto kupita ku Blantyre kukatenga makompyuta.

Galimoto isanafike n'komwe pa mseu waukulu, a Zuze anaitana a Feston n'kuwagwiritsa nsonga ya paipi ya madzi, ija amisiri amayezera levulo. Anawakweza pa sikafodi, pa msomali uja, n'kuwauza kuti agwire bwino, m'paipimo mulibe njuchi. Nsonga inayo anailowetsa pawindo. Madzi a m'paipi atakhazikika, analemba ndi pensulo pakhoma la m'kati. Kunja mzerewo unali pamwamba pa mutu, koma m'kati, pamwamba pa masitepe asanu ndi atatu aja, unagwera pa bondo. A Feston anati mtsikana uja akadzaona adzalusa. A Zuze anali atayamba kale kusema khoma. Analowetsa chigambacho m'njerwa, anachimata ndi laimu wabwino kwambiri amene anasunga, mzere wa phula uli ndendende pa pensulo, ndipo anaika galasi lija pamwamba pake. Pofika Lolemba chinali chitagwira moti wochichotsa akanachiswa.

Prudence analusadi. Anati ntchito yonse ija aibisa kumapazi, kumene anthu azidzaimenya ndi nsapato. Anafunsa ngati choko chake sanachione.

"Ndinachiona, mayi," anatero a Zuze. "Koma madzi sanafike pamenepo. Anafika apa. Mayiyu anandiponda pamsana kuti asaname, ndiye ine sindingamunamizire."

Mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma maso ake anatsata mzerewo m'mbali mwa khoma. Masoketi onse anali pansi pake. Mabatire a sola, amene anali atangowatsitsa m'galimoto, anali pansi pake. Malo ochenjeza anthu za madzi anali atakonzeka bwinobwino kumira. Prudence anatuluka panja, ndipo anamveka pafoni akuuza wa magetsi kuti abwere mawa lomwe ndi tchizulo yake, komanso kalipentala wa mashelefu.

Tsiku lotsegulira kunali matenti, zoimbira ndi magule. Mlendo wolemekezeka, bwana wamkulu wa bungwelo, anabwera ndi suti yakuda m'kutentha kwa Novembala, ndipo analankhula ola lathunthu za kufunika komvera nzeru za anthu akumudzi. Nkhalamba za fanta zija zinaomba m'manja kwambiri. Atadula riboni anamulowetsa m'kati, anaona makompyuta ali pa mashelefu okwera, kenako Prudence anamulozera pansi. Bwanayo anawerama, sanaone bwino. Anavula magalasi, anawavalanso. Malemba anali aang'ono. Pomalizira anakoka thalauzi n'kugwada.

Bwana akagwada, wamng'ono angaime? Wachiwiri wake anagwada. Akuluakulu ochokera kuboma anagwada, mayi wina wa nsapato zazitali anachita kugwirira phewa la mnzake. Wojambula anagwada kuti awajambule. A Feston, amene sankadziwa kuti n'chifukwa chiyani, anagwadanso kuti asaoneke amwano. Chipinda chonse chinali pa mawondo pamaso pa mayi wogulitsa milamba, uja ankagwadira kalaliki wa pamsika. Woimirira anali mmodzi, kumbuyo, pafupi ndi chitseko, atavala jekete ya Daliso yothina m'mapewa.

Alendo atapita kukadya, m'chipindamo munatsala fungo la laimu ndi mafuta onunkhira. A Zuze anasuzumira panja, anaona kuti aliyense ali kalikiliki ndi mbale yake, ndipo anakankha chitseko. Anayenda mpaka pakhomapo. Bondo lija linalira ngati nkhuni youma, koma anatsika, dzanja limodzi pansi, monga tsiku lija m'matope. Anapukuta galasi ndi mkono wa jekete pamene bwana uja anasiya chidindo cha chala.

"Amake Daliso," anatero, "mwawaona alendo anu? Onse aja. Inu munalibe ngakhale mpando wowapatsa."

Kenako, poti munthu sasintha, anatulutsa kalevulo m'thumba n'kukaika pamwamba pa galasi. Kadontho kanaima pakati penipeni.

"Sindinagwedezeke," anatero. "Mzere wanu sunakhote."